Msana wa Swaibu

Wakabaza amadyera msana. Munthu amene sukumudziwa amakwera kumbuyo kwako, mpweya wake n'kumakuomba m'khosi, iwe uli kalikiliki kupalasa, nkhope yake osaiona mpaka kofika. Swaibu anagwira ntchito imeneyi kwa zaka zambiri pa Balaka osaiganizira n'komwe, kufikira tsiku limene mnyamata wina waulemu, wa malaya ositidwa bwino, anamupempha kuti akamutule tsidya la njanji. Atalowa m'kanjira ka m'minda ya thonje, waulemu uja anamukolowekera mkono pakhosi, anzake awiri n'kuvumbuluka m'tchire ndi zikwanje. Njinga inapita. Bala la paphewa analisoka ndipo linapola bwinobwino. Koma kuyambira tsiku limenelo Swaibu sankathanso kupirira munthu kumbuyo kwake.

Anabwerera kwa Mposa, kumene anali pachikamwini kwa mkazi wake Husna, n'kuyamba kulima mpunga ngati wina aliyense. Anthu ankati wachira. Sankaona kuti pamaliro amakhala chotsamira khoma, kuti kumzikiti amachedwa dala kuti akapeze mzere womaliza, kuti nkhuku ikapalasa masamba kuseri kwake m'kamwa mwake mumauma gwaa. Ndiye tsiku lina la msika mlamu wake Abdulrahim, mchimwene wake wa Husna, anamuzembera kumbuyo mwa nthabwala za pachilamu n'kumugwira m'mapewa. Zimene zinatsatira Swaibu ankachita kuuzidwa: kuti Abdulrahim analavula dzino, kuti iye anagubuduza malichero a tomato akukuwa ngati akuphedwa, kuti amuna a m'mudzi anamuthamangitsa mpaka kudambo. Chimene ankakumbukira yekha chinali chingwe. Anamumanga manja kumbuyo ndi chingwe cha ng'ombe, anthu atamuunjirira, ena atamukhalira pamsana.

Kuchipatala cha odwala maganizo anamusamala, anamupatsa mankhwala, n'kumufotokozera kuti nthenda yake ndi mantha amene anakhazikika m'thupi ndipo akukana kusamuka. Koma kumudzi alibe nthawi yosiyanitsa zimenezo. Munthu akamangidwa kamodzi, dzina lake ndi lomwelo. Amalume ake a Husna, Che Uladi, telala wa pamsika, anali munthu wabwino mtima koma wamantha, woti akaopa amayamba kuseka. Anaseka kwambiri tsiku limene anauza Swaibu kuti ayambe wakapuma kaye kwa mchemwali wake ku Balaka.

Mchemwali wakeyo anamupezera ganyu kwa a Blasius, owotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo pafupi ndi siteshoni. A Blasius anali bambo wamfupi, wamimba, woimba kwaya, woti ukamuona sungakhulupirire kuti mwendo wake ungakwere kudutsa bondo. Koma madzulo aliwonse ankaphunzitsa karate mu shedi yakale ya thonje. Sipanatenge nthawi kuti aone kuti wantchito wawo watsopano amagwira chitsulo chilichonse msana uli kukhoma, ngakhale malowo akhale opanikiza chotani. Sanamufunse kanthu. Anangomuuza kuti akaweruka apite nawo kushedi.

Swaibu anapita chifukwa bwana sakanidwa. Mumtima ankati karate ndi masewera a ana oonera mafilimu. Anadabwa kuti sanamuphunzitse kumenya. Anamuvulitsa nsapato, kumuimika pakati pa simenti, iwo n'kukaima kumbuyo kwake.

"Ndili kumbuyo kwako," anatero a Blasius. "Usacheuke. Tulutsa mpweya."

Tsiku loyamba anathawa, n'kukasanza kuseri kwa shedi. Mawa lake anabweranso, manyazi ali tho. Zinayenda choncho pang'onopang'ono: kuima, kunjenjemera, kutulutsa mpweya mpaka m'mimba mutaphwa. Kenako dzanja paphewa. Kenako mkono pakhosi, ndendende ngati wa mnyamata waulemu uja, ndipo apo ndi pamene anamuonetsa mopondera phazi la mdani ndi chidendene, molowetsera chigongono m'nthiti, mogwetsera munthu pansi. A Blasius ankati thupi likadziwa kuti likhoza kudzipulumutsa limasiya kukuwa. Koma ankabwereza chinthu chimodzi mpaka kutopetsa: mpweya uyambe watuluka, chigongono chidikire mwini wake. Anamuphunzitsanso chimene ankachitcha kata, kumenyana ndi adani osaoneka motsata ndondomeko, kutsogolo, kumbali, kutembenuka, ngati gule wa munthu mmodzi. Akachita kata m'mawa, tsiku lonse mtima umakhala m'malo.

Patapita nthawi, Swaibu atabwerera kwa Mposa, Che Uladi anamulandira bwino, anamuthirira tiyi, n'kumuuza mawu akuseka. Anati banja lakhala pansi ndipo lagwirizana kuti abwerere m'nyumba. Koma zija zikadzangoyambiranso, adzapita kwawo osabweranso, ndipo Ayisha adzatsala, pakuti mwana ndi wa kuchikazi. Ayisha anali mwana yekhayo wa Swaibu, kamtsikana kongoyamba kumene kulongolola.

Miyezi imene inatsatira inali yabwino moti Swaibu ankaopa kuitchula. Mankhwala ankamwa osadumphitsa. Kumzikiti ankaima mzere wapakati, anthu kutsogolo, anthu kumbuyo. Ayisha ankamukwera m'khosi atagwira makutu ngati mahandulo a njinga, iye n'kumayenda naye mpaka kumunda. Ndipo m'mawa uliwonse, akachoka kumzikiti ku swala ya mbandakucha, ankapatukira kuseri kwa uvuni wakale wa njerwa, kumene kunamera tchire, n'kukachita kata wake. Husna sanamuuze. Akanayamba bwanji? Bambo wandevu kumadumphadumpha ngati mwana wa sukulu, ndi chimodzi. Koma chachikulu n'chakuti munthu amene anamangidwa chifukwa chogulula dzino la mlamu wake sangabwere n'kulengeza kuti kumene anapita waphunzira kumenya bwino. Mkamwini asamakule mwendo.

Tsiku limene zinaonongeka linayamba ngati masiku onse. Atafika kuseri kwa uvuni anagwada pansi, manja patsogolo, n'kuweramitsa mutu, monga ankachitira mu shedi pothokoza mphunzitsi. Ankayang'ana kumadzulo, pakuti Balaka ali chauko. Kenako anadzuka n'kuyamba: chibakera, kutchinga, mwendo, kutembenuka, kukuwa kwakufupi kochokera m'mimba. Potembenuka kachiwiri anaona tchire likugwedezeka, ndi chitenje chobiriwira chikuthawa, mtolo wa nkhuni utatayidwa panjira. Chitenjecho anachidziwa. Chinali cha apongozi ake, Abiti Hamza.

Anaima n'kudziona yekha mmene mayi aja anamuonera: munthu wogwada ngati akuswali koma atalozetsa mutu kolakwika, kosaloza kibla, kumene Asilamu amaloza poswali, kenako n'kudzuka kumamenyana ndi mphepo, kumakuwira anthu amene palibe. Kwa Mposa zimenezo zili ndi dzina, ndipo dzina lake ndi majini.

Akanakhala munthu wina aliyense, akanamuthamangira n'kumufotokozera. Koma apongozi? Chikwatirireni, Swaibu ndi Abiti Hamza anali asanalankhulanepo maso ndi maso. Akakumana panjira, mayiwo ankapatukira patchire, iye n'kuyang'ana kumbali. Moni ankadutsira mwa Husna, mchere ukatha unkapemphedwa kudzera mwa Husna. Umenewo ndiwo unali ulemu, ndipo onse awiri ankaunyadira. Tsono taganizani mkamwini, amene anamangidwapo kale, akuthamangitsa apongozi ake m'tchire mbandakucha. Anatola nkhuni zija, n'kukazisiya mwakachetechete pakhonde pa mayiwo, ndipo poganiza bwino anaona kuti nazonso zangoonjezera mantha.

Palibe amene anamufunsa kanthu. Chimenecho ndicho chinamuopsa kwambiri. Madzulo ake anapeza chikwanje chachoka kuseri kwa chitseko. Mawa lake nkhwangwa inabwerekedwa ndi munthu wopanda dzina. Husna anayamba kumaima pafupi iye akamamwa mankhwala, maso ali pakhosi pake, kuona ngati amezadi. Anthu panjira ankamupatsa moni wofewa, wautali, moni wopatsa odwala. Ndipo Ayisha akangothamangira kwa bambo ake, pankapezeka chifukwa: akasambe, akadye, agogo ake akumuitana.

Kangapo konse anatsegula pakamwa kuti amuuze Husna, koma akaona mmene mkaziyo akudzidzimukira iye akangosuntha mpando, mawu ankabwerera. Anaganiza zochenjera: asiye kupita kuuvuni, akhale phee, nkhani izizira yokha. Anthu akaona kuti palibe chikuchitika adzati mayi aja anaona zawozawo.

Kumeneko ndiye kunali kuthawa mvula n'kukagwera mumtsinje. Sabata yoyamba anapirira. Yachiwiri tulo tinayamba kuvuta, mapewa anauma ngati matabwa. Kumunda, akuweramira mpunga ndi chisikilo, ankangomva ngati wina waima kumbuyo kwake, akacheuka n'kupeza mbalame. Anayesa kutulutsa mpweya mwakachetechete monga anaphunzirira, koma Husna anamva n'kufunsa ngati akubanika, iye n'kusiya. Anazindikira msampha umene analimo, ndipo anaopa zenizeni: akachita karate amuyesa wamisala, akasiya apengadi.

Linafika Lachisanu. Anafuna kuchedwa kuti akapeze mzere womaliza, koma anadziwa kuti nazonso anthu aziwerenga, choncho anakaima pakati. Mumzikiti munadzaza, kunja kukutentha. Shehe akulalikira, thukuta linali litayamba kale kuyenderera mumsana. Ataimirira kuti aswali, phewa kukhudza phewa, wina kumbuyo kwake anatsokomola, mpweya wofunda n'kumuomba m'khosi penipeni.

Mzikiti unachita mdima. Anamva fungo la thonje ndi fumbi, anamva mkono pakhosi ngakhale panalibe mkono. Mtima unagunda mpaka m'makutu. Anadziwa kuti akakhala pamenepo akuwa, kapena amenya munthu m'nyumba ya Mulungu. Anadula swala. Anadutsa m'mizere akupunthwa pa mapazi a anthu, n'kutuluka, nsapato osazikumbuka, n'kuthamanga. Sanathamangire kunyumba. Miyendo inamutengera kumalo amodzi okha kumene ankadziwa kuti mtima wake umamvera.

Kuseri kwa uvuni dzuwa linali paliwombo, dothi likuotcha kumapazi. Anayamba kata akulira. Poyamba manja ankangogwedezeka ngati si ake, koma anapitiriza, chibakera, kutchinga, kutembenuka, mpweya kutuluka. Anabwereza, n'kubwerezanso. Pang'onopang'ono mdima uja unayamba kuchoka, mitengo inabwerera m'malo mwake, fungo la thonje linatha. Anali atangoyamba kumva kuti wapulumuka pamene kumbuyo kwake kanthambi kanathyoka.

Sanapeze mpata wocheuka. Mikono iwiri inamukulunga kuchokera kumbuyo, wina ukukwera kukhosi. Thupi lake linadziwa chochita, pakuti linachichita kambirimbiri pa simenti ya ku Balaka. Chidendene chinadzuka chokha. Chigongono chinali chitapeza kale pamene pali nthiti. Akanangolola, munthuyo akanagona pansi asanadziwe chamugwetsa. Ndipo mkati mwa phokoso lonse limene linali m'mutu mwake, kanthu kakang'ono kanamuuza kuti chigongono chimenechi chikafika, Ayisha sadzamuonanso.

Anatulutsa mpweya. Unatuluka ndi kulira konyansa, ngati kwa mbuzi yodwala, koma unatuluka wonse. Chidendene chinabwerera pansi. Anapinda mawondo, n'kugwada, munthu uja adakamukakamira kumsana.

"Alamu," anatero, pakuti fungo la sopo analidziwa, "bwerani kutsogolo ndizikuonani. Sindilimbana nanu."

Abdulrahim sanabwere kutsogolo. Nayenso ankanjenjemera, Swaibu ankamva mtima wake ukugunda pamsana pake. Amuna ena anafika akuthamanga, makanzu a Lachisanu atawakwinyira m'chiuno, ndipo pakati pawo panali Che Uladi, chingwe chili m'manja, akuseka kaphwete kopanda chimwemwe. Swaibu anachiyang'ana chingwecho. Anapempha chinthu chimodzi chokha, kuti ngati akumumanga amumange manja kutsogolo. Anawatambasula yekha. Anamumanga mothina, mfundo pamwamba pa mfundo.

Anthu anachuluka, amayi ndi ana ataima patali. Ena ankati aitane shehe adzamuwerengere duwa, pemphero lothamangitsa majini, ena ankati afune galimoto. Swaibu anayamba kufotokoza, akuyang'ana Che Uladi. Anafotokoza za shedi, za a Blasius, za karate, mawu akudukaduka. Ankadzimva yekha mmene zikumvekera: munthu wopanda nsapato, womangidwa, wa mamina ndi misozi, akunena kuti kumenya mphepo ndi mankhwala. Anapempha kuti atulutse foni m'thumba mwake aimbire a Blasius. Che Uladi anaimba. Inaitana mpaka kuduka. Anaimbanso, chimodzimodzi. Nthawi ngati imeneyo a Blasius amakhala ali pa makina odulira zitsulo, ngakhale bingu sangalimve.

"Chabwino, Che Swaibu, tamva," anatero Che Uladi, akupukuta thukuta ndi chipewa. "Nanga uja mumamugwadira kuthengo kuno ndani?"

Anayankha zoona, kuti ndi ulemu wopereka kwa mphunzitsi. Anthu anang'ung'udza. Mkulu wina anati zimenezo ndiye zoipa kuposa majini, Msilamu kugunditsa mutu pansi chifukwa cha munthu mnzake. Swaibu anavomera kuti pamenepo analakwa, sanaganize, ndipo kugwadako asiya lero lomwe. Che Uladi anaona ngati apeza potulukira. Anati basi, asiye zonsezo, alumbire pamaso pa anthu kuti sadzabweranso kuuvuni, mwina banja likhoza kukhalanso pansi.

Linali khomo lotseguka, ndipo Swaibu analilakalaka ndi mtima wonse. Mawu amodzi okha, chingwe chikanamasuka. Koma anali ataona kale kumene njira imeneyo imathera.

"Iyayi, amalume," anatero. "Zinazo sindingasiye. Ndinasiya masabata apitawa, ndiye mwaona zachitika kumzikiti. Ndikasiya, mudzandimanga ndili wamisala weniweni."

Kuseka kwa Che Uladi kunatha. Apa ndi pamene Husna anadutsa pakati pa anthu, Ayisha ali kumbuyo, mwanayo atamuphimba kumutu ndi mpango kuti asaone. Anaima patsogolo pa mwamuna wake, maso ali psuu. Swaibu ankayembekeza mantha pankhope pake, koma anapezapo mkwiyo.

"Miyezi yonseyi, bambo a Ayisha. Ine kumagona ndi diso limodzi, kumabisa mipeni m'nkhokwe. Munalekeranji kundiuza?"

"Ndimaopa kuti mundiopa."

"Ndiye mwaona kuti sindinakuopeni?"

Swaibu anaweramitsa mutu, n'kuona kuti zala zake zayamba kutupa.

Mawu otsatira anachokera kuseri kwa mtengo wa mango, kumene Abiti Hamza anaima chofulatira, monga mwa mwambo, ngakhale mkamwini wawo anali pamtunda woti akhoza kumuponyera chitsononkho. Mayiwa sanali munthu wofatsa. Ankagulitsa mpunga pamsika ndipo ankadziwika kuti salola kupusitsidwa ngakhale ndi sikelo. Analankhula ndi mwana wawo Husna, mokweza kuti aliyense amve.

Anati iwo ndi amene anaona, ndipo chionereni sakugona. Koma anati pali chimene chikuwavuta. Ulendo watha uja panafunika mudzi wonse kuti munthuyu agwidwe, lero wapereka manja yekha. Anati iwo anaonapo anthu a majini, mchemwali wawo weniweni anadwalapo: zikamugwira samva dzina lake, sungamuuze kuti yamba, sungamuuze kuti leka. Tsono ngati bambo a Ayisha akuti zimenezi ndi masewera ophunzira, awamasule achite pompano, anthu onse akuona. Pakati pake iwo adzauza Husna kuti awaimitse. Akaima, ndiye kuti mwini thupi ndi iwo. Akapanda kuima, galimoto ibwere, ndipo asadzapondenso pakhomo pawo.

Anthu anagwirizana nazo, pakuti zinali zomveka, komanso ndani safuna kuonera? Che Uladi anamasula mfundo zija. Koma anaonjezera chake: Abdulrahim aime kumbuyo kwa Swaibu ndi chingwe, pafupi, kuti zikavuta asachedwe.

Swaibu anaimirira pakati pa bwalo la anthu. Sanaopepo chonchi chibadwire, ngakhale tsiku la zikwanje lija, pakuti tsiku lija analibe nthawi yoganiza. Kutsogolo maso, kumbali maso, ndipo kumbuyo, pamene sakuona, munthu wa chingwe akupuma mofulumira. Khosi lake linkachita ngati likuyenda nyerere. Anafuna kuyamba, n'kupeza kuti waiwala. Mutu unali mbee. Anaponya mwendo wolakwika, n'kudzandira. Ana anaseka, wina n'kuwakalipira.

Anatseka maso. Ndili kumbuyo kwako, usacheuke. Anatulutsa mpweya mpaka m'mimba mutaphwa, n'kuyambanso, ndipo ulendo uno miyendo inakumbuka zimene mutu unataya. Kutchinga kumanzere, chibakera. Kutchinga kumanja, chibakera. Manja otupa aja ankapweteka powafumbata. Anapita kutsogolo, anthu n'kufutukira m'mbuyo ngati nkhuku. Anakuwa kukuwa kuja, mayi wina n'kugwira pamtima. Husna sanasunthe.

Chimene palibe anachiganizira, ngakhale Swaibu yemwe, n'chakuti kata amatembenuka. Munthu umapita kutsogolo, kenako umazungulira pa chidendene n'kubwerera kumene wachokera, chibakera chili patsogolo. Ndipo Abdulrahim, pomvera amalume ake, ankamutsatira phazi ndi phazi. Swaibu anazungulira ndi mphamvu zake zonse, mwendo n'kulowa, dzanja lamanja n'kuchoka m'chiuno, ndipo pamene pankayenera kukhala mphepo panali nkhope ya mlamu wake, kukamwa kuli yasa.

"Imani, bambo a Ayisha!"

Sanali mawu a Husna. Panalibe nthawi yodutsira mwa Husna. Abiti Hamza anali atatembenuka, akumuyang'ana mkamwini wawo m'maso, ndipo anamuitana yekha, pakamwa ndi pakamwa.

Chibakera chinaima. Chinaima pafupi ndi mlomo wa Abdulrahim moti mpweya wake unkachiomba, koma chinaima. Swaibu anakhala choncho, bondo lopinda, mkono wotambasuka, thukuta likugwera m'maso, osayerekeza ngakhale kuphethira. Chingwe chinapulumuka m'manja mwa Abdulrahim n'kugwera pa mapazi ake.

Abiti Hamza ndi amene anayamba kuzindikira chimene achita. Anagwira pakamwa, anakoka mpango n'kuphimba nkhope, n'kufulatiranso msangamsanga, manyazi atawagwira ngati mtsikana. Atalankhulanso, mawu anali otsika, ndipo anabwerera m'njira yake yakale.

"Iwe Husna, auze atsitse dzanjalo. Uwauzenso kuti kuyambira mawa azichitira pabwalo, poyera, tizionera tikusesa. Zomabisala m'tchirezi atipha nazo ndi mtima."

Husna anabwereza mawuwo limodzi ndi limodzi, ngati kuti mwamuna wake sanawamve. Swaibu anatsitsa dzanja. Kenako anakhala pansi pafumbi pomwepo.

Si onse anakhutira. Mkulu uja ananena kuti nkhani ya kugwada ikafikabe kwa shehe. Ena pochoka ankanong'onezana kuti majini ena ndi ochenjera. Che Uladi anatola chingwe, n'kuchikulunga bwinobwino pamkono monga amakulungira nsalu yotsala, ndipo sanachitaye. Swaibu anaona, n'kudziwa kuti chikasungidwa m'nyumba ina yake m'mudzi momwemo, mwina kwa zaka. Anadziwanso kuti mawa m'mawa adzayenera kuima pabwalo, ana akuseka, anthu akudutsa kumbuyo kwake popita kumjigo.

Husna anamasula chitenje, n'kutsitsa Ayisha. Anaima naye kanthawi, akuyang'ana mikwingwirima ya chingwe pa manja a mwamuna wake. Mkwiyo unali usanathe, ndipo zinkaoneka kuti kunyumba kukakhala nkhani yaitali. Kenako anawerama n'kumuika mwanayo pamiyendo pa bambo ake.

Zala za Swaibu zinali zitachita dzanzi, sizinkamva chilichonse, moti anamugwira mwana wake ndi mikono. Ayisha anamuyang'ana kumaso, n'kuyamba kumupukuta ndi kansonga ka diresi lake. Magazi atayamba kubwerera m'manja, zinapweteka ngati akumubaya ndi singano, koma sanamusiye.